Kuvulala ponyamula zipangizo zomangira ku Nkhotakota: funso loyenera kufunsa

M'malo ambiri omanga m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa, katundu amayenda pamutu, paphewa kapena pa wilibala. Onyamula ambiri ndi aganyu: amayi osenza mchenga ndi madzi, komanso anyamata otsitsa njerwa, malata ndi simenti mu lole. Thumba limodzi la simenti limalemera makilogalamu 50.

Munthu wotere akafika ku chipatala cha boma cha Nkhotakota, ku St Anne's kapena ku chipatala chaching'ono, nthawi zambiri amangoti msana ukuwawa kapena wadzicheka. Wazaumoyo afunse kuti wodwalayo amanyamula chiyani, chifukwa yankho lake limasintha chithandizo.

Ngati ndi simenti yonyowa, khungu likhoza kupsa pang'onopang'ono, ululu n'kuyamba patapita maola angapo. Zovala ndi nsapato zivulidwe, ndipo pamalopo patsukidwe ndi madzi ambiri aukhondo kwa mphindi zosachepera 20. Diso lomwe mwalowa simenti litsukidwe chimodzimodzi, wodwalayo atumizidwe msanga.

Ngati ndi msomali kapena lata, bala litsukidwe bwino ndipo afunsidwe za katemera wa kafumbata. Amayi ambiri amalandira katemerayu kusikelo ali oyembekezera, pamene abambo ambiri sanalandirenso chichokere ku ubwana.

Ngati wagwa ndi katundu kapena njerwa zamugwera, ndipo akumva kuwawa m'khosi kapena dzanzi m'miyendo, asakhazikidwe pa njinga. Agonekedwe pa thabwa, mutu ndi khosi zisagwedezeke. Kulephera kukodza kapena kufooka kwa miyendo ndi chizindikiro choopsa.

Yankholi lilembedwenso m'buku la wodwala: tsiku, malo a ntchito ndi chomwe chamuvulaza. Lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000 limathandiza wovulala pantchito, koma ku ofesi ya zantchito amafuna umboni wa kuchipatala.

Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka angathe kukumbutsa akapitawo kuti lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pantchito limapereka udindo woteteza antchito kwa owalemba. Thumba la simenti linyamulidwe ndi anthu awiri, popinda mawondo osati msana. Njira ya wilibala ikhale yopanda misomali, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala katundu wolemera asenzedwe m'mawa, madzi akumwa ali pafupi.