Za Mtambo Wosagwetsa Mvula, Koma Wakumwa Madzi

Abale athu a m'midzi yonse, mwezi uno tifuna kukamba nanu za mtambo wina umene simunauone kumwamba, ngakhale ana anu aunena kawirikawiri. Foni ya mnyamata ikagwera m'citsime, amace adandaula kuti zithunzi zonse za ukwati zapita. Koma mnyamata aseka, nati ziri pa mtambo. Akagula foni ina, taonani, zithunzi zija zabwera zonse, osasowapo ndi cimodzi comwe. Dzinali ndi la Cingerezi, akuti cloud, ndiko kunena mtambo; ndipo dzina limeneli linyenga anthu ambiri, ophunzira ndi osaphunzira omwe, pakuti munthu akamva za mtambo aganiza cinthu copepuka, cosadya kanthu, cosakhala pa munda wa munthu ali yense. Koma mtambo uwu uli pansi. Uli ndi maziko, zipupa ndi alonda pa cipata, ndipo udya magetsi ndi kumwa madzi usana ndi usiku.

Tiyambe ndi kutsata ulendo wa mau anu. Mukatumiza moni kapena cithunzi kwa mbale wanu ali kutali, foni yanu iponya mauwo ku nsanja yacitsulo ija yoima pa phiri. Ndipo nsanja zambiri za kumidzi ziri ndi injini yace ya dizilo, yolira pamene magetsi athima. Pocoka pa nsanja, mau alowa m'zingwe zagalasi, zoonda ngati tsitsi, zokwiriridwa m'mbali mwa miseu, nayenda monga kuwala kufikira ku nyanja ya mcere, ku Mozambique kapena ku Tanzania. Pamenepo atsikira m'zingwe zina zogona pansi pa nyanja. Cingwe ca SEACOM cinayamba nchito m'caka ca 2009, ndi cinzace ca EASSy mu 2010. Pa 12 May 2024 ziwiri zonsezi zinaduka m'nyanja kufupi ndi Durban, ndipo anthu a ku Malawi, Tanzania, Mozambique ndi Kenya anaona intaneti iri kukwawa ngati nkhono masiku angapo. Mtambo weniweni sukadaduka cotero.

Kumene zingwezo zithera kuli nyumba zazikuru, zina zoposa mabwalo ampira angapo, zopanda mazenera, ndiponso anthu a m'katimo ali owerengeka. Ife tizinena nkhokwe, popeza nchito yace ndiyo kusunga. M'katimo muli makompyuta zikwi ndi zikwi, osanjikidwa pa mathandala acitsulo m'mizere italiitali, ndipo sagona konse. Pakuti usiku ukagwa kuno, kwina kwaca, ndipo wina ali kufuna cithunzi cace, kalata yace kapena ndalama zace za ku banki. Mudziwa kuti foni ikagwira nchito nthawi yaikuru ifunda m'manja. Nanga makina zikwi makumi m'nyumba imodzi? Magetsi onse olowamo asanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kuturutsidwa msanga, kuti makina angapse. Cotero nkhokwe ilipira kawiri: poyendetsa makina, ndi powaziziritsa.

Bungwe la maiko loyang'anira za mphamvu, la International Energy Agency, linawerengera kuti m'caka ca 2024 nkhokwe zonse za pa dziko lapansi zinadya gawo limodzi ndi theka pa magawo 100 a magetsi onse. Cioneka cocepa, koma ndiwo magetsi oposa amene dziko lonse la South Africa lidya pa caka, pamodzi ndi migodi yace yonse. Pafupi theka la magetsiwo linadyedwa ku America kokha. Bungwe lomwelo liyembekeza kuti pofika 2030 ciwerengeroco cidzakhala citawirikiza kawiri, ndi kupitirira pang'ono magetsi a dziko la Japan. Kuti mumve bwino, yesani ndi cimene mucidziwa. Makina a pa Kapichira, pa mtsinje wa Shire, apanga mamegawati 130; ndipo mukumbukira mdima umene unagwa m'dziko muno mvula yamkuntho ya Ana itaononga malowo mu January 2022. Nkhokwe imodzi yaikuru ifuna mamegawati 100, ndiwo magetsi okwanira nyumba 100,000 za m'maiko olemera. Ndipo zimene ziri kumangidwa tsopano zifuna oposa pamenepo kwambiri.

Tsono wina asacite mantha, nayamba kuletsa agogo kumva mau a adzukulu ao. Moni mmodzi, kapena cithunzi cimodzi, cidya magetsi ocepa ndithu, osayenera kuwawerenga. Ndiponso tisanamize eni makina kuti angomwaza. Akatswiri ena anaonetsa mu 2020 kuti pakati pa 2010 ndi 2018 nchito ya m'nkhokwe inacuruka koposa kasanu ndi kamodzi, koma magetsi ace anangokwera magawo 6 pa 100, cifukwa makina atsopano anali osamala, ndipo nkhokwe zazikuru zinalowa m'malo mwa timakina tambirimbiri tosakaza ta m'maofesi. Cimene cinasintha zinthu ndico makina amene aphunzitsidwa kuyankha mafunso, kulemba makalata ndi kujambula ngati munthu, amene anafala ponseponse kuyambira November 2022, pamene ChatGPT inaturuka. Amenewa ndiwo osusuka. Kampani ya Google inalemba yokha mu 2024 kuti mpweya wace wotenthetsa dziko unakwera magawo 48 pa 100 pakati pa 2019 ndi 2023, makamaka cifukwa ca nkhokwe. Pakuti magetsi ambiri a pa dziko lapansi acokerabe ku malasha ndi gasi. Mu September 2024 kampani ya Microsoft inapangana ndi eni malo a Three Mile Island ku America kuti adzutse ng'anjo ya nyukiliya imene anaitseka mu 2019, ndipo Microsoft idzagula magetsi ace zaka 20. Njala ya magetsi yafika pamenepo.

Vuto lalikuru ndi lakuti katundu ameneyu sagawika mofanana. Anthu a dziko lonse lapansi atumiza mau, koma nkhokwe ziunjikana pa malo ocepa, ndipo anansi ace ndiwo asenza. Taonani dziko la Ireland, cisumbu ca anthu ngati mamiliyoni 5, cozizira bwino, ca msonkho wocepa, kumene zingwe zocokera ku America zifikira. Mu 2015 nkhokwe za kumeneko zinadya magawo 5 pa 100 a magetsi a dzikolo. Mu 2023 zinadya magawo 21, kuposa nyumba zonse za m'mizinda ya Ireland kuziika pamodzi. Mu 2022 a EirGrid, oyang'anira nthambo zazikuru za magetsi, ananena kuti ku Dublin sangathe kulumikiza nkhokwe zatsopano kufikira ca m'ma 2028, poopa kuti mzinda ungagwe mu mdima nyengo yacisanu.

Koma za madzi ndizo tifuna kukhalapo pang'ono, popeza inu amai, amene mulawira ku mjigo kusanace, mudzazimva msanga koposa ife. Njira yochipa yoziziritsa nkhokwe ndiyo yomwe ya mtsuko wadothi: madzi a m'mtsuko azizira cifukwa ena aturukira m'dothi nauluka, natenga kutentha. Momwemonso m'nkhokwe zambiri apititsa mphepo yotentha pa madzi, madziwo nauluka ngati nthunzi. Madzi ouluka sabwerera ku citsime cimene anacokera. Mphepo ipita nao kwina.

Ku America, m'cigawo ca Oregon, kuli mudzi dzina lace The Dalles, wa anthu ngati 16,000, m'mbali mwa mtsinje waukuru wa Columbia. Ngakhale mtsinje uli pafupi, dzikolo ndi louma, la alimi a tirigu ndi zipatso, ndipo mudziwo umwa madzi a m'timitsinje ta kumapiri ndi a m'zitsime zakuya. Google inatsegula nkhokwe yace kumeneko mu 2006, pokopeka ndi magetsi ochipa a pa damu. Mu 2021 inafuna kumanga zina ziwiri, nipangana ndi akuru a mudzi za madzi. Alimi ndi anthu ena anafunsa funso limene mfumu iri yonse ikadafunsa mlendo wopempha malo pafupi ndi citsime: kodi mumamwa madzi ocuruka bwanji? Anayankhidwa kuti cimeneco ndi cinsinsi ca malonda, cakuti anzao opikisana nao asacidziwe. Akuru a mudzi anabvomera panganolo, eni mudzi osauzidwa ciwerengero.

Panganolo lisanabvomerezedwe, nyuzipepala ya The Oregonian inapempha makalata a madziwo, monga lamulo la kumeneko lilola, ndipo mkuru wa zamalamulo wa bomalo anagamula kuti apatsidwe. Koma akuru a mudzi, m'malo mopereka, anasumira nyuzipepalayo ku bwalo la milandu. Ndipo amene analipira maloya a mudziwo ndi Google. Mlandu unakhala koposa caka. Mu December 2022 anautaya, makalata naturuka, ndipo anthu anaona kuti mu 2021 nkhokwe za Google zinatunga magaloni 355 miliyoni, ndiwo magawo 29 pa 100 a madzi onse a mudziwo, pafupi katatu kuposa zaka zisanu zapitazo. Tikawerengera ndi ndowa ya malita 20, ziposa ndowa 180,000 tsiku liri lonse, Lamulungu lomwe.

Tinene zoona zonse. Google sinabe madziwo. Inawagula, ndipo inabvomera kulipira madola 28.5 miliyoni okonzera mipope, zitsime ndi mosungira madzi a mudzi, zimene zithandizanso eni mudzi. Kapena ena a iwo, akadauzidwa ciwerengero poyamba, akadabvomerabe. Colakwa, monga tiona ife, cinali kubisa. Madzi a mudzi ali a onse, a wolemera ndi a mkazi wamasiye, a lero ndi a ana osabadwa. Ndipo munthu sangaweruze bwino za cinthu cimene saloledwa kucidziwa. Akuru amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mlendo womanga nyumba ya simenti ndi citsulo adzakhala zaka makumi, m'nyengo ya mvula ndi ya cilala yomwe, ndipo makina ace amva ludzu koposa m'miyezi yotentha, pamene timitsinje taphwa. M'masiku omwewo a mlanduwo Google inayamba kulengeza madzi amene nkhokwe zace zimwa pa malo ndi malo, cimene sinacite kale.

Njira zina ziripo, ngakhale iri yonse iri ndi mtengo wace. Ku Hamina, m'dziko la Finland, Google inagula mu 2009 fakitale yakale ya mapepala, niziziritsa makina ndi madzi a m'nyanja ya mcere, osakhudza madzi akumwa. Ku Luleå, kumpoto kwa Sweden, Facebook inatsegula nkhokwe mu 2013, yozizira ndi mphepo ya kunja. Ku Tallaght, kufupi ndi Dublin, kutentha kwa nkhokwe ya Amazon kupita m'mipope kukafunditsa maofesi a boma ndi zipinda za sukulu yaikuru. Koma izi ndi za maiko ozizira. Kumene kuli dzuwa, mwini nkhokwe ayenera kusankha: akaziziritsa ndi madzi, asunga magetsi, akaziziritsa ndi mphepo ya makina, asunga madzi, koma adya magetsi ambiri. Cifukwa cace funso la kumene nkhokwe imangidwa, ndi amene afunsidwa isanamangidwe, lilemera koposa funso la zithunzi zingati mwana wanu atumiza.

Anthu a ku Uruguay, ku South America, anafunsa nthawi ikadalipo. Mu 2023 cilala cinauma madamu a mzinda wa Montevideo, kotero kuti boma linasakaniza madzi a m'mipope ndi ena a kumathiriro a mtsinje, ndipo anthu anamwa madzi a mcere miyezi ingapo. M'caka comweco kunamveka kuti nkhokwe imene Google inafuna kumanga ku Canelones, pafupi ndi mzindawo, ikadamwa malita 7.6 miliyoni pa tsiku, ndiwo madzi a anthu 55,000; ndipo ciwerengero cimeneconso cinaturuka munthu wina wophunzira atapita ku bwalo la milandu. Anthu anakwiya, nayenda m'miseu atanyamula mabotolo opanda madzi. Kampaniyo inacepetsa nyumbayo, nisintha kuti izizizira ndi mphepo, ndipo anayamba kumanga mu August 2024.