Kuwedza Trout M'nyengo Yozizira ku Spring Creek

Ikafika January kuno ku America, ambiri a ife moyo umakhala wa kuntchito, kusukulu ndi kubindikira m'nyumba basi. Komatu abale amene akukhala kufupi ndi State College ku Pennsylvania, makamaka ophunzira a pa Penn State, ali ndi kopitako mphepo. Mtsinje wa Spring Creek, umene umadutsa m'tauni ya Bellefonte, anthu amawedzamo chaka chonse, ngakhale pamene chipale chofewa chakuta paliponse.

Chinsinsi chake ndi akasupe. Madzi ambiri a mumtsinjewu amatumphuka pansi kudzera m'miyala ya laimu, ndipo amatuluka ali pa madigiri 10 Celsius kapena kuyandikira pamenepo, kaya ndi m'chilimwe kaya m'chisanu. Choncho pamene mitsinje ina yaundana, Spring Creek amayendabe, tizilombo ta m'madzi timakhalapo, ndipo nsomba za brown trout sizisiya kudya.

Trout si yachilendo kwenikweni kwa ife. Amene anakwerapo phiri la Zomba kapena kufika ku Nyika akudziwa kuti azungu anaika rainbow trout m'mitsinje yozizira ya kumeneko. Chachilendo ndi kawedzedwe kake, kotchedwa fly fishing. Nyongolotsi iwalani. Pa mbedza amamangapo nthenga, ubweya ndi ulusi kuti zifanane ndi kachilombo, ndipo cholemera chimene chimaponya nyamboyo patali ndi chingwe chenichenicho. M'nyengo yozizira nsomba zimakhala pansi, pamene madzi akuyenda pang'onopang'ono, ndipo sizithamangira chakudya. Nyambo, imene nthawi zina imachepa ngati njere ya mpunga, iyenera kuyenda ndi madzi mpaka kudutsa pakamwa pake penipeni. Kulawirira n'kungodzizunza, masana dzuwa likakwera ndi pamene zimadya bwino.

Tsono nayi nkhani yovuta kwa ife amene tinakulira usipa ndi chambo: nsomba ya ku Spring Creek si ndiwo. Kuyambira mu 1982 lamulo limati ukaigwira uibwezere m'madzi. Izi zinayamba chifukwa cha mankhwala oopsa a kepone ndi mirex ochokera ku fakitale ina amene anapezeka m'nsombazo. Zitasiya kudyedwa zinaswana zokha, moti lero mtsinjewu ndi umodzi mwa yotchuka pa trout m'chigawo chonsecho. Kuika imodzi m'chikwama n'kudziputira chindapusa, ndipo mlendo m'dziko la eni safunika kumakokana ndi malamulo chifukwa cha nsomba imodzi.

Aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo ayenera kugula laisensi ya Pennsylvania Fish and Boat Commission pamodzi ndi chilolezo cha trout. Pa gawo lotchedwa Fisherman's Paradise, limene linatsegulidwa mu 1934, amalola fly fishing yokha ndipo kulowa m'madzi n'koletsedwa, zimene zikuthandiza oyamba kumene chifukwa safunika kugula zovala zolowera m'madzi. Kwina kumene amalola kulowa, penyetsetsani timiyala tooneka toyera ngati totsukidwa: pamenepo nsomba zinaikira mazira cha m'ma November, ndipo phazi limodzi likhoza kuwononga ambirimbiri.

Valani zaubweya, osati jinzi, pakuti ikanyowa imaziziritsa thupi msanga. Tengani tiyi m'fulasiki ndi masokosi ena osinthira, ndipo ana asatalikire akuluakulu m'mphepete mwa madzi.