Nambala imodzi yogoneka lole pa Chirundu

Feteleza wa yuriya ali ndi dzina lina limene mlimi salidziwa: 3102.10. Mnzake ammonium nitrate, amenenso amapangira zophulitsira miyala m'migodi, ndi 3102.30. Kusiyana kwake ndi nambala imodzi basi, koma clearing agent akaiphonya, lole imagona pa malire a Chirundu, dalaivala akuphika nsima m'mbali mwa matayala, mwini katundu akuluza ndalama tsiku ndi tsiku.

Manambalawa ndi a Harmonized System, kaundula wa World Customs Organization wosanja katundu wodutsa m'malire a mayiko. Feteleza ali m'mutu 31, zitsulo m'mutu 72. Ana a sukulu a ku Kafue amakulira pakati pa mitu iwiriyi: Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza m'tauniyi mu 1970, ndipo fakitale ya zitsulo ya UMCIL ili konko. Malole ochokera ku Lusaka amadutsa pamaso pawo, kuoloka mtsinje, n'kukapatukana pa mphambano ya Turnpike. Ena amalowera ku Livingstone ndi Kazungula, ena amatsetsereka ku Chirundu, kumene kuyambira mu December 2009 maofesala a Zambia ndi Zimbabwe amaonera mapepala pamalo amodzi.

Clearing agent, kapena kuti ejenti, sasenza thumba. Amawerenga invoice, amaona chikalata cha COMESA chotsimikizira dziko limene katundu wapangidwa, n'kulowetsa zonse mu ASYCUDA World, pulogalamu ya pakompyuta ya bungwe lotolera misonkho la ZRA. Zimenezo amazolowera msanga. Povuta ndi kudziwa kuti katunduyo ndi chiyani kwenikweni. D Compound, wa 10-20-10, sakhala gulu limodzi ndi yuriya. Amapita ku 3105 chifukwa muli nitrogen, phosphorus ndi potassium. Amene ankasinza m'kalasi ya chemistry amangoona kuti onsewo ndi feteleza.

Maejenti amadandaula kuti zikayenda bwino palibe amawathokoza, koma zikalakwika foni imalira usiku wonse, ndipo kasitomala amafuna kuti chindapusa chituluke m'thumba mwawo. Madalaivala nawo amati chowachedwetsa si mtunda, ndi mapepala. Onsewa akunena zoona.

Chodandaulitsa n'chakuti mwana akafunsidwa ntchito imene akufuna, mayankho amazungulira pa udokotala, unamwino ndi uphunzitsi. Ntchito za m'malire amazimva mochedwa, kwa malume kapena mlamu. Chikhalirecho sukulu ngati Kafue Boys ndi Naboye zili ndi zonse zofunika pafupi. Kalabu ya sayansi ya JETS ingatenge matumba atatu a feteleza opanda kanthu, ana n'kupeza nambala ya lililonse powerenga zimene zalembedwapo. Mphunzitsi wa Chingelezi, m'malo mwa chimangirizo cha tsiku losaiwalika chija, angawalembetse mzere umodzi wofotokoza katundu mosasiya mpata woti ofesala wa kasitomu afunse kawiri: chitsulo chamtundu wanji, chokhuthala bwanji, cholemera matani angati, chopangidwa kuti.