"Lero ndili free": mawu amene anandidyera nkhuku

Linali Lachiwiri, tsiku langa la ofu. Ndimaperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay, ndipo m'mawa umenewo ndinajambula mapazi anga ali pamchenga n'kuika pa WhatsApp, pansi pake n'kulemba kuti: "Lero ndili free." Kumudzi kwathu, ulendo wa mphindi 20 pa kabaza, kunali maliro. Uthenga ndinali nditaumva, ndipo anyamata anzanga anali kumanda chiyambire mbandakucha.

Madzulo amalume anandiitanitsa. Foni alibe, koma chithunzicho chinali chitawapeza kale.

"Mphwanga, ati uli fili. Wakumasula ndani?"

"Abwana kuntchito, amalume."

"Abwana akowo akumasula ku mbale zawo. Nanga ku khasu la kumanda?"

Ndinasowa poyang'ana. Vuto la free n'lakuti liwu limodzi lasenza akatundu atatu amene Chichewa chimawasiyanitsa bwinobwino. Pali ulere, chinthu chosalipira. Pali ufulu, ngati umene tinalandira mu 1964. Ndiye pali mpata chabe, kukhala ulibe chochita. Ine ndimatanthauza mpata, amalume anamva ufulu, ndipo kunena zoona chimene ndinachita tsikulo chinafanana kwambiri ndi mmene anamvera iwowo.

Chisokonezochi si cha ine ndekha. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litalengeza free primary education, chimene chinachotsedwa ndi fizi. Njerwa za midadada ya sukulu makolo anapitiriza kuumba, ngakhale ena ankakana n'kumati, "Paja munati ndi yaulere?"

Liwu limene ambirife sitiligwiritsa ntchito, chonsecho ndi limene limanena zomasulidwa ku udindo, ndi exempt. Limatanthauza kuti lamulo likadalipo ndipo ena onse likuwagwira, koma iwe wina waudindo wakupatula pa chifukwa chodziwika. Agogo sapita kukaumba njerwa chifukwa amfumu anawapatula. Anamfedwa sagwira khasu, manda amakumba ndi adzukulu. Munthu sudzipanga wekha exempt, monganso katundu sakhala duty free pachipata chifukwa choti mwini wake wafuna, koma malamulo a MRA atero. Off ndi leave n'zazing'ono kuposa pamenepo: n'za iwe ndi bwana wako basi, zimathera pageti.

Asodzi a ku chilumba cha Mbenji, kwa Makanjira, izi amazidziwa popanda Chingerezi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa nthawi ya dzinja, cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Pamenepo palibe wopatulidwa, kaya uli ndi boti la injini kaya bwato. Ndipo msodzi akachoka pachilumbapo simungamumve akuti ali free. Ukonde ukudikira kusokedwa, kumunda udzu wakula.

Mlandu wanga sunatalike. Amalume anandiperekeza kwa amfumu, ndinapepesa nditanjuta, ndipo anandigamula nkhuku imodzi. Ndinakaigula pa Kamuzu Road Loweruka lake, tambala wofiira, n'kubwera naye pa minibasi nditamufungatira. Kondakitala anafuna kundilipiritsa mpando wa tambalayo. Mayi wina kumbuyo anaseka n'kunena kuti, "Musiyeni, ameneyo ndi free."