INJINI YA MAGETSI PANYANJA: IKAFA, ADZAKONZA NDANI?

Inu amayi ndi abambo a geni ya nsomba ku Limbe, ku Ndirande, ku Zomba ndi ku Lilongwe, mtengo wa usipa omwe mukupima pa benchi lero sunayambire mumsikamo ayi. Unayambira usiku pakati pa nyanja, pa kachitsulo kolendewera kumbuyo kwa boti. Kachitsuloko kakalira bwino, mathandala amadzaza. Kakangotsokomola, inu mumayamba kukangana ndi makasitomala kuti mulu wachepa.

Ine kwathu ndi ku Nkopola, m'mbali mwa msewu wochoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, kufupi ndi kampani ya nsomba ya Maldeco. Kuno asodzi a chilimira amanyamuka dzuwa likamalowa. Siginala amakopa usipa ndi nyali ali m'bwato, alovi n'kuzinga ndi khoka, ndipo boti la injini ndi lomwe limawafikitsa komwe kuli nsomba n'kuwabweza m'mamawa. Injini zake ndi za petulo, zambiri za Yamaha, zosakaniza mafuta ndi oyilo.

Vuto la injinizi mukulidziwa kale: zimamwa. Mafuta atasowa mu 2011 ndi 2012, komanso mizere itabwereranso pa mafilingi siteshoni mu 2022, asodzi ambiri ankagula petulo wa m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba, wina wosakaniza ndi zinthu zosadziwika. Petulo wotereyu amatseka kabuleta, amadetsa pulagi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta ndi masipeya zinakwerera limodzi. Ndalama yonseyo msodzi amaiika pa chidebe cha usipa, ndipo wolipira ndinu.

Tsono kunja kuno kuli injini zina zosamwa petulo. Zimayendera batire, batireyo n'kumatchajidwa ndi magetsi kapena sola. Zilibe pulagi, zilibe kabuleta, sizifuna oyilo wosakaniza, sizifuka utsi, sizisokosa. Kampani yotchuka nazo ndi Torqeedo ya ku Germany, yomwe inayamba mu 2005 ndipo inagulidwa ndi Yamaha mu 2024. Yamaha yemweyo wa injini zathuzi akafika potulutsa ndalama kugula kampani yotere, dziwani kuti tsiku lina katunduyu adzafika pa gombe lathu lino, atatengedwa ndi wamalonda kapena bungwe lina la chitukuko.

Ine sindikudana nazo. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwo tisanadye.

Choyamba, batire si chigubu. Petulo akatha pakati pa nyanja, mnzako wa boti lina amakugawirako malita awiri n'kufika kumtunda. Batire ikatha, yatha basi, gwirani nkhafi. Ndipo injini ya magetsi ukaikoka mwamphamvu, moto umatha msanga kwabasi kusiyana ndi kuyenda pang'onopang'ono. Nanga mwera ukakupeza m'mwezi wa June kapena July, boti litalemedwa ndi khoka lonyowa ndi anthu, ungayende pang'onopang'ono? Apa sitikunenanso za phindu, tikunena za miyoyo ya ana a eni.

Chachiwiri, motowo uchokera kuti? Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo tinakhala mu mdima wa maola ambiri pa tsiku kwa chaka ndi miyezi. Msodzi wodalira magetsi a pakhoma akadagona kumtunda nthawi yonseyo. Sola ndi yabwino, popeza dzuwa la ku Mangochi silichita kupempha, koma kudzaza batire ya boti si kutchaja foni. Pamafunika mapanelo ambiri, ndipo ndalama yake si yamasewera.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani: ikafa, adzakonza ndani? Injini ya petulo ili ndi ana ake. Makaniko wa pansi pa mtengo amaimasula yonse, kuitsuka, kuchotsa sipeya ku injini ina yakufa, madzulo boti lili pamadzi. Ya magetsi ndi yomata kuti madzi asalowe, ndipo m'kati mwake muli kakompyuta. Ikadwala imangoonetsa nambala pa kagalasi n'kukhala chete. Ulusi wa ukonde ukakulungika pa pulopela n'kudya labala wotchinga madzi, madziwo amalowa mpaka ku mawaya. Ukapereka kwa makaniko wa pagombe kuti atsekule, wogulitsa adzakuuza kuti galanti yafera pomwepo. Ukadikira wogulitsa, sipeya ichokere kutsidya kwa nyanja zamchere, m'dziko lino momwe ndalama zakunja zimasowa ngati mvula ya October.

Za kudikira ndikuzidziwa. Malume anga anagula injini ya petulo yatsopano ku sitolo ina m'tauni. Isanathe miyezi itatu inayamba kutentha. Anaikweza matola kubwerera nayo. Mawu oyamba anali akuti bwana kulibe. Ulendo wachiwiri akuti sipeya ili m'njira. Wachitatu akuti mwaononga nokha. Nyengo yonse ya usipa inadutsa boti lili pamchenga, alovi anathawira kwa ena, ndipo amayi awiri omwe ankapikula kwa malumewo, atapereka kale ndalama ya mafuta, anatsala manja ali m'khosi. Ngati zimatere ndi injini yomwe aliyense amaidziwa, nanga yachilendo?

Anzathu a ku Kenya anaiona mbali imeneyi. Ku Mbita, pa nyanja ya Victoria, kampani ya Asobo inayamba cha m'ma 2020 kupereka injini za Torqeedo kwa asodzi a omena, kansomba kofanana ndi usipa wathu. Koma sinawagulitse. Inkawabwereketsa pa lendi. Kutchaja mabatire masana, kukonza injini, kuphunzitsa asodzi ndi kukawapulumutsa akafera panyanja, zonse zinali pamutu pa kampaniyo. Injini ikafa, woluza woyamba anali mwini kampani, choncho sakanauza msodzi kuti bwerani mawa. Nzeru yake ndi imeneyo, ndipo ndi yomwe ine ndingavomereze kuno.

Kwathu kuno poyambira tili napo. Ku Mpwepwe, konkuno ku Mangochi, kuli sukulu ya zausodzi ya Malawi College of Fisheries. Aliyense wofuna kubweretsa injini za magetsi ayambe waphunzitsa amakaniko kumeneko, aike shelefu ya masipeya ku Mangochi kapena ku Monkey Bay, osati ku Blantyre kokha. Katundu abwere pambuyo.

Ndipo inu a geni musati izi n'za asodzi. Ambiri mwa inu mumakongoza asodzi ndalama, ena muli ndi maboti anuanu kunyanja. Munthu akadzabwera ndi injini yonyezimira, mufunseni mafunso anayi. Makaniko wanu ali kuti, dzina lake ndani? Sipeya ili m'dziko muno kapena ichita kuitanitsidwa? Batire ikafooka pakatha zaka, yatsopano ndi ndalama zingati? Injini ikakhala kwa inu ikukonzedwa, mundibwereka ina? Mayankho ake alembe papepala, asaine, lisiti musunge. Akakuzembani, mabungwe a CAMA ndi Competition and Fair Trading Commission alipo, koma nawonso adzayamba akufunsani pepala.

Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu pa funso loyamba lomwelo, bwezani ndalama yanu pa mpango, mumange mfundo ziwiri. Safunsa anadya phula.