ADAYAMBA NDI BENCHI YA ZIPATSO, LERO ANTHU AMALIPIRA PAGETI

Wolemba Mtolankhani Wapadera

KU California m'dziko la Amereka kuli malo a zisangalalo otchedwa Knott's Berry Farm komwe anthu pafupifupi 4 miliyoni amapita chaka chilichonse, kulipira ndalama pageti kuti akaseke, akakuwe ndi kuchita chizungulire pa akatungwe a makina. Mukamva choncho mungaganize kuti eni ake adabadwira m'banja la mpondamatiki. Ayi ndithu. Malowa adayamba ngati geni ya m'mbali mwa msewu: benchi, kadenga pamwamba, ndi bambo wina ndi mkazi wake akugulitsa zipatso kwa anthu odutsa pa galimoto.

Kwa amene simudawaonepo, malo a zisangalalo otere amakhala ngati tauni yokhala ndi mpanda. M'katimo muli malo odyera, masitolo, masewero, ndi timabogi totchedwa roller coaster toyenda pa njanji yokwera m'mwamba kuposa nyumba zosanja, kenako n'kutsika mwaliwiro loti munthu umaitana amako. Anthu amalipira kuti aopsezedwe, eti! Koma nkhani yathu lero ndi ya momwe benchi ija idasandukira kampani, ndi momwe kampaniyo idachokera m'manja mwa banja lomwe lidaikhetsera thukuta.

ULIMI UDAYAMBA WAWAKANA

Bambo Walter Knott adabadwa m'chaka cha 1889 ndipo adakwatira mai Cordelia mu 1911. Poyamba zinthu sizidawayendere. Adakayesa ulimi ku chipululu cha Mojave, komwe nthaka ndi mchenga ndipo madzi ndi osowa, mpaka adabwerako chimanjamanja.

Mu 1920 banjali lidasamukira ku Buena Park, kum'mwera kwa mzinda wa Los Angeles. Kumeneko a Walter ndi msuweni wao Jim Preston adachita lendi munda wa maekala 20 n'kudzala zipatso zing'onozing'ono zokhala ngati mabulosi, zomwe pa Chingerezi amati berries. M'malo mopereka zonse kwa opikula, omwe kulikonse padziko lino amadziwa kugwetsa mtengo, a Knott adaika benchi m'mbali mwa msewu womwe anthu ankadutsa popita kunyanja, n'kumagulitsa okha.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 adali atayamba kugula malowo, ndipo adamanga nyumba yokhazikika yogulitsiramo zipatso ndi mbande. Mai Cordelia adatenga kachipinda kamodzi n'kumagulitsamo tiyi, jamu ndi mapayi ophika okha.

Koma mu 1929 chuma cha Amereka chidagwa chagada. Mabanki adatsekedwa, mafakitale adachotsa anthu ntchito, mitengo ya mbewu idatsika. Aliyense wa geni akudziwa zomwe zimachitika makasitomala akauma m'thumba: amaima, kufunsa mtengo, kugwiragwira katundu, n'kumapita.

MITENGO YOFOTA YA A BOYSEN

Mu 1932 katswiri wina wa zaulimi wa boma, George Darrow, adafika kwa a Knott kudzafunsa za chipatso chachilendo chomwe adamva kuti mlimi wina, Rudolph Boysen, adapanga pokwatitsa mitundu ingapo ya zipatso zija. Awiriwa adamufufuza Boysen, koma adapeza kuti ulimiwo adausiya ndipo mundawo adachokamo kalekale. Atapita kumundako adapeza timitengo towerengeka, tofota, titamizidwa ndi udzu.

Wina akadangopukusa mutu n'kubwerera. A Knott adazula timitengoto, kukatidzala kwao n'kumatisamala. Kuona maso a nkhono n'kudekha: titabereka, zipatso zake zidali zikuluzikulu kuposa zomwe anthu adazolowera, ndipo pa benchi zinkatha msanga. A Knott adachitcha chipatsocho boysenberry, kulemekeza mwini wake woyamba. Tsono adali ndi katundu yemwe benchi ina iliyonse idalibe.

MBALE 8 ZA NKHUKU

Ngakhale zidali choncho ndalama zinkaperewerabe. Mu June 1934 mai Cordelia adakazinga nkhuku n'kugulitsa kwa alendo a m'kachipinda ka tiyi kaja. Tsiku loyamba adagulitsa chakudya cha anthu 8 okha, aliyense masenti 65, ndipo adawapakulira m'mbale zomwe adalandira pa ukwati wao. Akuti maiwa ankakana kuti iwo sali pa bizinesi ya lesitilanti, ankangofuna kuti banja lidutse nyengo yovutayo basi.

Koma chakudya chokoma sichisowa mlaliki. Odya adauza anzao, anzao adauzanso ena. Ana anayi a banjali, Virginia, Russell, Toni ndi Marion, onse adalowa pantchito, ena kuperekera chakudya, ena kugulitsa zipatso. Amai a m'midzi yoyandikana adalembedwa ntchito kukhitchini. Pofika 1940, Lamulungu lililonse ankatha kugulitsa chakudya cha anthu mpaka 4,000, ndipo anthu ankaima pamzere maola angapo kudikira mpando.

MZERE NDIWO UDABALA TAUNI

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mzere wautali ndi chisangalalo kwa wogulitsa, komanso ndi ngozi. Munthu wanjala, ana akulira, dzuwa likuswa mtengo, sachedwa kutembenuka n'kukadya kwina. A Knott adadzifunsa kuti: kodi anthuwa azichita chiyani pamene nkhuku ikupsa?

Adayamba ndi tinthu tating'ono toti anthu azionerera: munda wa maluwa ndi miyala, mathithi opanga okha, kaphiri kotulutsa utsi. Ataona kuti anthu akukonda, mu 1940 adayamba kumanga Ghost Town, kapena titi tauni ya bwinja. Kumadzulo kwa Amereka kudali matauni ambiri a migodi omwe anthu adawathawa golide ndi siliva atatha. A Knott ankapita kumeneko kukagula nyumba zakale zamatabwa, ngolo ndi zipangizo zomwe eni ake ankaziona ngati zinyalala, n'kudzazimanganso pafupi ndi lesitilanti. Imodzi mwa nyumba zoyamba idali hotela yakale yochokera kufupi ndi Prescott ku Arizona.

Kuona tauniyo kudali kwaulere. Cholinga chidali chimodzi: kasitomala asachoke asanadye. Koma posakhalitsa anthu ena adayamba kubwera chifukwa cha tauniyo, nkhuku n'kukhala yachiwiri. Mu 1947 malowa adapatsidwa dzina loti Knott's Berry Farm. Mu 1951 a Knott adagula sitima zenizeni zakale za malasha kuchokera ku Colorado, ndipo chaka chotsatira zidayamba kunyamula alendo kuzungulira malowo, aliyense ndi tikiti yake. Apa ndiye kuti chomwe chidali chongosangalatsa anthu a pamzere chidayamba kubweretsa ndalama pachokha.

CHIMPHONA CHITSEGULA PAFUPI

Mu July 1955 Walt Disney, mwini wake wa Mickey Mouse, adatsegula Disneyland ku Anaheim, mtunda wa makilomita pafupifupi 11 kuchokera kwa a Knott. Disney adali ndi mafilimu, wailesi ya kanema ndi ndalama za mabanki kumbuyo kwake. Tangoganizani inu muli ndi okala yanu, ndiye tsidya la msewu pakutsegulidwa golosale ya nyumba zosanja. Ambiri ankaganiza kuti za a Knott zathera pomwepo.

Zidachitika ndi zina. Disneyland idakoka alendo ochokera m'madera onse a Amereka, ndipo ambiri mwa iwo, poti afika kale m'deralo, ankapatukiranso kwa a Knott kukadya nkhuku ndi kuona tauni ya bwinja. A Knott sadayese kukhala Disney. Adalimbikira pa zomwe zidali zao: mbiri ya anthu a migodi, sitima zakale ndi chakudya cha mai Cordelia.

Koma sadagonenso. Mogwirizana ndi katswiri wina wopanga akatungwe, Bud Hurlbut, mu 1960 adatsegula Calico Mine Ride, kasitima kolowa m'phiri lochita kumanga momwe alendo amaona momwe ntchito ya mumgodi inkayendera. Mu 1969 adatsegula Timber Mountain Log Ride, pomwe anthu amakwera m'bwato longa chipika n'kutsetsereka ndi madzi. Pa mwambo wotsegulira padali katswiri wa mafilimu a makaubhoyi uja, John Wayne.

MPANDA NDI GETI

Kwa zaka 48 munthu aliyense ankalowa ulere, n'kumalipira pokhapo akafuna kukwera chinthu kapena kudya. Mu 1968 banjali lidamanga mpanda n'kuyamba kulipiritsa pageti, ati chifukwa cha anthu omwe ankangozungulira m'malomo ndi kuononga zinthu. Kuyambira pamenepo sudalinso munda wokhala ndi zoseweretsa, idali kampani ya zisangalalo yopikisana ndi anzake.

Mpikisanowo umafuna chachilendo chaka ndi chaka. Mu 1973 adayambitsa Knott's Scary Farm, usiku wa zigoba ndi zoopseza wa mwezi wa October, womwe ukuchitikabe mpaka lero ndipo malo ena ambiri adatengera. Mu 1975 adatsegula Corkscrew, roller coaster yoyamba ya makono yotembenuza okwera mutu pansi miyendo m'mwamba, kawiri konse. Mu 1983 adamanga Camp Snoopy, chigawo cha ana aang'ono.

Nthawi imeneyi eni ake oyamba adali akutsanzika. Mai Cordelia adamwalira mu 1974, bambo Walter mu 1981. Ana aja, omwe adakulira kukhitchini ndi pa benchi, adapitiriza kuyendetsa kampaniyo zaka zina 16. Si banja lililonse lomwe limatha zimenezi. Mabizinesi ambiri amaikidwa m'manda tsiku limodzi ndi mwini wake, abale akulimbirana katundu maliro asanatuluke m'nyumba.

ANA AGULITSA

Koma ana nawonso amakalamba. Pofika zaka za m'ma 1990 roller coaster imodzi yokha inkadya madola mamiliyoni ambirimbiri, ndipo opikisana nao adali makampani okhala ndi malo otere m'mizinda yambiri. Mu 1995 banjali lidagulitsa bizinesi ya jamu ya m'masitolo, pamodzi ndi dzina la pabotolo, ku kampani ya ConAgra. Mu 1997 lidagulitsa malo onse a zisangalalo ku Cedar Fair, kampani ya ku Ohio. Malipoti amati kampani ya Disney nayo idawafuna malowa, koma a kubanja adakana poopa kuti zomwe bambo ao adamanga zigwetsedwa.

Eni ake atsopano adabwera ndi ndalama. Adamaliza GhostRider, roller coaster yaikulu yamatabwa, mu 1998, kenako Xcelerator mu 2002 ndi Silver Bullet mu 2004. Marion, womaliza mwa ana anayi aja, adamwalira mu 2014. Mu July 2024 Cedar Fair idaphatikizana ndi kampani ya Six Flags, ndipo Knott's Berry Farm idakhala imodzi chabe mwa malo ambiri a kampani yaikuluyo, yomwe idatenga dzina la Six Flags Entertainment Corporation.

Nanga jamu uja? Dzina lake lidapitirira kusintha manja: mu 2008 lidagulidwa ndi kampani ya Smucker. Zotsatira zake, kwa zaka zambiri malo omwe jamuyo adabadwira ankagulitsa jamu wao pa dzina lina, Berry Market, poti dzina la Knott pabotolo lidali la eni ena. Mu 2024 a Smucker adalengeza kuti asiya kupanga jamu wa dzinalo. Ogulitsa dzina, imvani: katundu ukagulitsa umakaoda wina, koma dzina likapita lapita.

ADABWERERA KU CHIWAYA

Mu March 2020 mliri wa Covid-19 udatseketsa malowa, ndipo akatungwe onse adaima kwa nthawi yoposa chaka. Chidawathandiza n'chiyani? Chakudya. Poti malamulo ankalola kudyera panja, oyendetsa malowa adakonza masiku oti anthu azigula tikiti, kuyendayenda m'tauni ya bwinja ndi kulawa zakudya zosiyanasiyana, zambiri za boysenberry. Zitsulo za madola mamiliyoni zili duu, geni ya mai Cordelia ndiyo inkalowetsa ndalama. Malowa adatsegulidwanso mu May 2021, ndipo m'chaka chomwecho adachita chikondwerero cha zaka 100 chomwe mliriwo udachedwetsa.

Lesitilanti ya nkhuku ikadalipo, ndipo imatchedwa Mrs. Knott's Chicken Dinner Restaurant. Ili kunja kwa mpanda, choncho wofuna kudya safunika tikiti ya pageti.

Inu a pamsika, a Knott sadakhale pansi mu 1920 n'kulota za roller coaster. Sitepe iliyonse idabwera chifukwa cha munthu yemwe adaima kutsogolo kwa benchi yao: wofuna chipatso chachikulu, wanjala, wotopa ndi mzere. Mawa m'mawa mukamayala katundu, taonani kaye anthu omwe amaima pa benchi yanu n'kuchoka osagula. Akufuna chiyani chomwe mulibe? Ndipo tsiku lomwe inu mudzadwale, ndani panyumba panu amadziwa komwe mumaoda, mtengo wake, ndi omwe ali ndi ngongole zanu?