Galu Wonenepa Sagona Mwamtendere: Mawu kwa Mabanja Athu a Kumpoto kwa England

M'makomo ambiri a Amalawi ku Manchester, Leeds, Bradford ndi Sheffield tsopano muli agalu. Kawirikawiri ndi ana obadwira kuno amene anaumiriza makolo, ndipo galu amene kwathu akadagona pakhonde, kuno amagona pabalaza. Ife amene ntchito yathu ndi yoyendera mabanja timaona chinthu chimodzi mobwerezabwereza: agaluwa akunenepa mopitirira muyeso, ndipo eni ake akunyadira.

Sitikudabwa nazo. Tinakula tikumva kuti kunenepa ndi umboni wakuti pakhomo pali mtendere. Koma galu wakumudzi ankadya makoko a nsima n'kutha tsiku lonse akuyendayenda, mwina kuperekeza alenje kuthengo. Wakuno amatsala m'nyumba pamene eni ake ali kuntchito ya usiku ndi usana, ndipo m'nyengo yozizira mdima umagwa cha m'ma 4 koloko madzulo, moti wotuluka naye amasowa. Mkute ndi zotsala za ndiwo zamafuta akulandirabe, kuwonjezera pa chakudya chake chogula. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu 2019 akatswiri a pa University of Liverpool anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa agalu oposa 50,000 a mitundu 12. Anapeza kuti galu wonenepa amafa msanga poyerekeza ndi mnzake wa thupi loyenera, ndipo pa mitundu ina kusiyanaku kumafika zaka ziwiri ndi theka. Kunenepa kumalemetsa mafupa, kumabanikitsa popuma, komanso kumakulitsa vuto lina limene ambiri timachita nalo manyazi kulitchula.

Galu aliyense ali ndi timatumba tiwiri m'mbali mwa potulukira chimbudzi, kumanzere ndi kumanja cha m'munsi. Timatumbati timasunga madzi onunkha amene galu amasiya monga chizindikiro kwa agalu anzake. Chimbudzi chikakhala cholimba bwino, chimatifinya potuluka ndipo timakhuthuka tokha. Koma galu akamatsekula m'mimba kawirikawiri, kapena akanenepa kwambiri, timatumbati sititha kukhuthuka. Madziwo amauma, timatupa, ndipo tikalekereredwa timachita mafinya mpaka kuphulika n'kusiya bala. Mu 2021 sukulu ya Royal Veterinary College inalengeza kuti agalu oposa 4 pa 100 aliwonse amapezeka ndi vutoli pachaka.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Galu amakhwekhwereza matako pakapeti, amadzinyambita kapena kudziluma pansi pa mchira, amavutika pochita chimbudzi, ndipo m'nyumba mumamveka fungo ngati la nsomba yowola. Ambiri timafulumira kuganiza za njoka za m'mimba n'kukagula mankhwala kusitolo, ena timangomuthamangitsira panja poopa alendo. Choyenera ndi kupita naye kwa dokotala wa ziweto, amene amafinya timatumbato m'mphindi zochepa. Tisayese kufinya tokha osaphunzitsidwa, chifukwa tikhoza kumuvulaza. Tikaona chotupa chofiira, magazi kapena mafinya, tisadikire mawa.

Tingadziwe bwanji kuti galu wanenepa? Tisisite m'mbali mwake: nthiti zizimveka m'manja popanda kukanikiza. Tikamuyang'ana kuchokera pamwamba, chiuno chizioneka. Ngati sizili choncho, tiyambe kuyeza chakudya chake pasikelo, osati ndi maso. Zomupatsa pomusangalatsa zisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsiku. Ndiwo zathu tisamupatse konse, pakuti anyezi ndi adyo ndi poizoni kwa galu, monganso chokoleti ndi mphesa, ndipo mafupa a nkhuku ophika amatha kumulasa m'matumbo. Kuchepetsa thupi kuzichitika pang'onopang'ono, motsatira malangizo a dokotala, osati pomumana chakudya. Dokotalayo ndiye angatiuzenso chakudya chothandiza kuti chimbudzi chizilimba.

Nkhaniyi ikukhudzanso malamulo. Lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limalamula mwini chiweto kuti azichipatsa chakudya choyenera ndi kuchiteteza ku ululu ndi matenda. Mu 2007 khoti lina ku Cambridgeshire linapeza amuna awiri apachibale olakwa chifukwa cholekerera galu wawo kufika makilogalamu oposa 70.

Ikukhudzanso thumba. Ziweto zilibe NHS; chithandizo chilichonse n'cholipira. Bungwe la PDSA, limene linakhazikitsidwa mu 1917 ndi Maria Dickin, lili ndi zipatala za ziweto m'mizinda monga Leeds, Sheffield ndi Liverpool, koma limathandiza amene amalandira chithandizo cha ndalama kuchokera ku boma. Ambiri mwa ife ziphaso zathu sizitilola kulandira chithandizo chotere, choncho khomo limenelo n'lotseka. Inshuwalansi nayo nthawi zambiri siilipira matenda amene anayamba tisanalembetse. Banja limene likutumiza ndalama za fizi ndi feteleza kumudzi silingakonde kutaya malipiro a mwezi pa opaleshoni imene ikadapeweka.

Tikhale pansi monga banja, tigwirizane kuti wodyetsa galu akhale mmodzi ndipo wotuluka naye tsiku lililonse adziwike. Alendo ndi agogo obwera kudzacheza tiwauze mwaulemu kuti asamuponyere nyama pansi pa tebulo. Ana amene anapempha galuyo apatsidwe ntchito yomuyendetsa akaweruka kusukulu, ndipo kamodzi pamwezi apite naye kukamukweza pasikelo.